Fairphone 5: batire umachotsa ndi chala, koma za ku Congo zikadali pomwepo

Kodi foni ya Fairphone 5 ndi yoyenera kugula? Ndiyambe ndi yankho kwa inu amene simukonda kuwerenga zitalizitali. Fairphone 5 ndi foni yabwino ndithu, si yoposa zonse ayi, ndipo pa ndalama yomweyo mutha kupeza ina ya kamera yakuthwa komanso yothamanga kuposa iyi, koma pali chinthu chimodzi chomwe foni imeneyi imachita chomwe makampani akuluakulu akhala akutiuza kwa zaka zambiri kuti n'chosatheka, nde chimenecho ndi chomwe ndikufuna tikambirane bwinobwino, kuphatikizapo pomwe ine ndikuona kuti nkhani ya chilungamo yomwe amaigulitsa limodzi ndi foniyi ikuperewera.

Kampani yake ndi ya ku Amsterdam ku Netherlands. Inayamba mu 2010 ngati kampeni chabe yodziwitsa anthu za miyala ya m'migodi ya ku Congo yomwe ndalama zake zimapita ku nkhondo, kenako mu 2013 anthu ake, motsogozedwa ndi Bas van Abel, anaona kuti kungolankhula sikukusuntha aliyense, bola apange foni yawoyawo aone ndi maso kuti vuto lagona pati kuyambira ku mgodi mpaka ku fakitale. Fairphone 5 inatuluka mu Ogasiti 2023 pa mtengo wa 699 euro.

Chinthu choyamba chomwe aliyense amachita akaigwira ndi kutsegula kumbuyo. M'mphepete muli kamphako kakang'ono, umalowetsamo chikhadabo, ukamakoka pang'onopang'ono chivundikiro chimamveka thethethe kuzungulira mpaka chachoka, ndipo batire lili pomwepo poonekera, lakuda, ukungolinyamula ndi chala basi latuluka. Palibe kutenthetsa, palibe guluu, palibe kuopa kuti galasi lisweka. Amene munagwirako mafoni akale aja a mabatani mukudziwa zomwe ndikunena, koma mwana wa masiku ano ukamuonetsa amachita kudabwa ngati wawononga chinthu, chifukwa iye anakula akudziwa kuti foni ndi chinthu chomata chomwe suloledwa kuona m'kati mwake olo unagula ndi ndalama zako. Batire latsopano pa webusaiti yawo linali pafupifupi 40 euro, sikilini pafupifupi 100 euro, ndipo kapoti ka USB-C kaja kochajira, komwe mafoni ambiri amafera, n'kotchipa kuposa zonsezi. Zigawo zomwe ungasinthe wekha zilipo 10, makamera onse, sipika, sikilini ndi zina, ndipo zonse zimamasulidwa ndi kasikuludiraiva kamodzi kakang'ono ka mtanda kaja komwe kamapezeka paliponse, osati timasikuluwu tachilendo tomwe kampani imapangira dala kuti usatsegule. Anthu a iFixit, omwe ntchito yawo ndi kuphwasula zipangizo n'kuona ngati zimakonzeka, anaipatsa 10 pa 10.

Ine chomwe chimandikhudza apa si ukadaulo wake kwenikweni. Ndi choti foni imeneyi yaonetsa poyera kuti kumata batire ndi guluu ndi chisankho cha munthu wina mu ofesi, si lamulo la chilengedwe ayi. Batire ndi chinthu chomwe chimatha, aliyense amadziwa, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu limayamba kufooka, nde ngati chinthu chomwe chimatha msanga wachimata m'kati mwa chinthu chomwe chikanakhala zaka 8, ndiye kuti wafupikitsa dala moyo wa chinthu chonsecho, ndipo amene amalipira ndi ife. Mu Disembala 2017 Apple inavomera kuti imachepetsa liwiro la ma iPhone ena omwe mabatire awo akalamba, iwo anati amatero pofuna kuti foni isamazime yokha, koma anthu sanauzidwe, ambiri ankangoona foni ikulemera n'kukagula ina pomwe akanangosintha batire, ndipo mu 2020 boma la France linawalipitsa chindapusa cha 25 miliyoni euro. Palinso mchitidwe wina uja woti ukaika sikilini kapena batire lomwe silinalembetsedwe ndi kampani, foni imayamba kukuonetsa machenjezo kapena zinthu zina zimasiya kugwira, ngakhale chigawocho chili chenicheni chochokera mu foni ina ya mtundu womwewo. Amene amavutika nazo kwambiri ndi amisiri ang'onoang'ono okonza mafoni, anthu oti ntchito yawo ndi manja awo.

Nanga mafoni otayidwawo amapita kuti? Malipoti a United Nations akuti mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zokwana matani 62 miliyoni, ndipo zomwe zinalembedwa kuti zatoleredwa n'kukonzedwanso moyenera sizinafike n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi. Zambiri mwa zotsalazo zimathera m'manja mwa anthu osauka omwe amawotcha mawaya kuti apeze kopa, utsi wonsewo ukulowa m'mapapo mwawo. Komanso mpweya woipa wambiri womwe foni imabweretsa pa moyo wake wonse umatuluka pa nthawi yoipanga, osati pomwe ukuichaja, nde foni yokhalitsa ndi yomwe imathandiza zenizeni.

Kukhalitsa kwake sikudalira sikuludiraiva yokha, pamafunikanso ma apudeti, chifukwa foni itha kukhala yabwinobwino koma ma apu a banki n'kuikana poti Android yake yakalamba. Apa Fairphone inachita chinthu chomwe ine ndinachikonda, m'malo moika chipu (kaubongo koyendetsa foni) cha mafoni wamba chomwe opanga ake amachisiya msanga, anaika Qualcomm QCM6490, chipu chomwe chinapangidwira makina a m'mafakitale ndipo chimasamalidwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake analonjeza ma apudeti mpaka 2031. Waranti ndi ya zaka 5 ukailembetsa. Kodi lonjezo limeneli angalisunge? Mbiri yawo ili ndi mbali ziwiri. Foni yawo yoyamba ija anasiya kuisamalira mu 2017 chifukwa zigawo zake zinasowa, zomwe zinakhumudwitsa anthu omwe anawakhulupirira poyambirira, koma Fairphone 2 yomwe inatuluka kumapeto kwa 2015 inalandira ma apudeti mpaka 2023, zaka zoposa 7, pa nthawi yomwe mafoni ambiri a Android ankasiyidwa pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu. Nde ine ndimawakhulupirira, bola kampaniyo ikhalepobe, poti ndi yaing'ono.

Pogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ilibe zodabwitsa. Sikilini yake ndi ya OLED, mainchesi 6.46, yowala bwino, malo osungira zinthu ndi 256 GB ndipo memori khadi imalowa, chinthu chomwe mafoni ambiri odula anachichotsa. WhatsApp, mamapu, kuonera mavidiyo, kuimba, zonse zimayenda bho. Ndi yonenepa komanso yolemerako poyerekeza ndi anzake, batire lake ndi la 4200 mAh lomwe si lalikulu pa foni ya saizi imeneyi, kamera masana imajambula bwino koma usiku siyingapikisane ndi mafoni a Google Pixel kapena Samsung Galaxy a mtengo wofanana, ndipo mlingo wake wopirira madzi, IP55, ukutanthauza kuti mvula ndi madzi odonthera ipirira koma kuimiza m'madzi ayi. Amene mumasewera magemu olemera iyi si yanu. M'bokosi mulibe chaja, zomwe kwa ine zilibe vuto poti USB-C ili paliponse. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kuchotsa kabowo ka mahedifoni a waya, anayamba kutero pa Fairphone 4 mu 2021, ndipo kwa kampani yomwe uthenga wake wonse ndi kuchepetsa zinyalala zimenezi sizikumveka, chifukwa mahedifoni a waya alibe batire, amakhala zaka, osauka amawakwanitsa, pomwe opanda waya aja ndi timabatire tina tiwiri titatu toti tidzatayidwenso. N'zoona anatulutsa awo omwe mabatire ake amasinthika, koma zikanakhala bwino kungosiya kabowoko.

Tsopano tifike pa nkhani yomwe inachititsa kuti kampaniyi ikhalepo.

Batire la foni iliyonse, yanu ndi yanga, mumakhala kobalti, ndipo pafupifupi 70 peresenti ya kobalti wokumbidwa pa dziko lonse amachokera ku Democratic Republic of Congo, makamaka kum'mwera, madera a Kolwezi m'chigawo cha Lualaba. Wambiri amakumbidwa ndi makampani akuluakulu akunja monga CMOC ya ku China ndi Glencore ya ku Switzerland, koma gawo lina amakumba ndi anthu wamba ndi manja, ndi fosholo ndi chitsulo, kulowa m'maenje akuya opanda chochirikiza chilichonse, dothi likagumuka anthu amakwiririka momwemo. Mu 2016 Amnesty International inatulutsa lipoti loonetsa kuti ana amagwira nawo ntchito imeneyi, kunyamula matumba ndi kutsuka miyala tsiku lonse n'kulandira dola imodzi kapena ziwiri, ndipo UNICEF inali itayerekeza kuti mu 2014 ana okwana 40,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kum'mwera kwa dzikolo. Taganizani, dziko lomwe mwala wake ukuyendetsa mafoni ndi magalimoto amagetsi a dziko lonse lapansi, anthu ake ali m'gulu la osaukitsitsa. Zimenezi sizinangochitika mwangozi, ndi dongosolo lomwe linayamba nthawi yomwe Leopold II, mfumu ya ku Belgium, ankakolola mphira ku Congo, likupitirira mpaka lero, chuma chimatuluka chosakonza pa mtengo wotsika, phindu lenileni likukapangidwa komwe amayenga ndi komwe amagulitsa.

Fairphone ikuchitapo chani? Mu 2020 inali m'gulu la omwe anayambitsa Fair Cobalt Alliance, bungwe lomwe limagwira ntchito ndi anthu okumba pamanja aja kuti migodi ikhale yotetezeka komanso kuti ana achoke m'migodi apite ku sukulu. Chomwe ndimawayamikira n'choti sanathawe. Makampani ena atamva za ana m'migodi anangoti ife sitigulanso kwa okumba pamanja, dzina lawo layera, koma mabanja omwe amadya kuchokera m'maenje amenewo atsala opanda kanthu ndipo ana akadali momwemo, kungoti tsopano akugulitsa mobisa pa mtengo wotsikirapo. Kukhalabe pamalopo n'kuyesa kukonza ndi njira yovuta koma ndi yolemekeza anthu. Golide wawonso amamugula kudzera mu ndondomeko zomwe okumba amalandira ndalama yoonjezera, ndipo pa foni iliyonse yomwe agulitsa amatolera zinyalala zamagetsi zolemera chimodzimodzi kuti zikonzedwenso.

Komano muyenera kudziwa bwino chomwe mukugula. Kobalti yemwe ali mu batire la Fairphone yanuyo sikuti ndi yemwe uja anakumbidwa pa mgodi wokonzedwa bwino, ayi, miyala imasakanikirana ku mafakitale oyengera, ambiri a iwo ali ku China, nde chomwe kampani imachita ndi kulipira ndalama molingana ndi kuchuluka kwa kobalti yemwe yagwiritsa ntchito, ndalamazo n'kupita ku ntchito zothandiza kumigodi. Si chinyengo, iwonso amanena poyera, ndipo amavomereza kuti foni yawo siinafike poti n'kunena kuti zonse za m'kati mwake n'zachilungamo. Koma munthu asaigwire m'manja n'kumaganiza kuti iye wasamba m'manja pa nkhani ya Congo.

Chifukwa onani zomwe zikuchitika kum'mawa kwa dzikolo. Mu Epulo 2024 gulu loukira boma la M23 linalanda Rubaya m'chigawo cha North Kivu, amodzi mwa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse pa mwala wa coltan, womwe umatulutsa tantalum wa m'tizipangizo ta m'mafoni, ndipo akatswiri a United Nations ananena kuti gululi limatolera msonkho pa mwalawu komanso kuti umadutsa mozemba kulowa ku Rwanda. Miyezi iwiri izi zisanachitike, mu Febuluwale 2024, European Union inali itasainirana ndi Rwanda mgwirizano wa za miyala ya mtengo wapatali. Mu Januwale 2025 mzinda wa Goma unagwa m'manja mwa M23, anthu ambirimbiri anafa, ena anathawa m'makomo mwawo. Mu Disembala 2024 boma la Congo linakasuma nthambi za Apple ku France ndi ku Belgium pa nkhani ya miyala ya kumalo a nkhondo, Apple inakana milanduyo. Ndipo mgwirizano wa mtendere womwe Congo ndi Rwanda anasainira ku Washington mu Juni 2025 unabwera limodzi ndi nkhani yoti makampani a ku America apeze mwayi pa migodi. Nde mukaona zonsezi, maboma, asilikali, makampani a mabiliyoni, mukuona nokha kuti kampani ngati Fairphone, yomwe mu 2024 inagulitsa mafoni pafupifupi 100,000, mu msika womwe mafoni oposa 1 biliyoni amagulitsidwa chaka chilichonse, siyingasinthe zimenezi ndi kugula kwake kokha olo itakhala ndi mtima wabwino chotani.

Ku fakitale nakonso nkhani ndi yomweyo. Foniyi imalumikizidwa ku China ngati mafoni ena ambiri, ndipo Fairphone imaonjezera kabonasi pa malipiro a ogwira ntchito kuti ayandikire ndalama yoti munthu n'kukhalira moyo wabwino. Ndi chinthu chabwino, ndalamayo imalowa m'thumba la munthu weniweni, ndipo pa foni imodzi ndi kandalama kochepa kwambiri moti zimakupweteka mtima ukaganiza kuti makampani opeza mabiliyoni akanatha kuchita zomwezo osamva n'komwe. Aliyense amene amakumbukira za achinyamata omwe anadzipha ku fakitale ya Foxconn ku Shenzhen mu 2010 akudziwa kuti moyo wa pa mzere wolumikiza mafoni ndi wotani. Koma bonasi ndi mphatso, wopereka atha kusiya mawa, pomwe malipiro omwe antchito awina okha kudzera mu bungwe lawo palibe angawalande mwachisawawa, ndipo ku China mabungwe a antchito oima paokha saloledwa, lovomerezeka ndi limodzi lomwe lili pansi pa chipani cholamula. Ine ndimakhulupirira kuti wantchito safunika kumveredwa chisoni, amafunika mphamvu yokana, ndipo mphamvu imeneyo siigulidwa mu shopu ya mafoni. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pali chinanso chomwe chimandivuta, mtengo. 699 euro ndi ndalama yambiri kwa anthu ochuluka pa dziko lino, ndipo mayi amene wagula foni yotchipa yomata ndi guluu chifukwa ndi yomwe angakwanitse sanalakwire mwana wa ku Kolwezi kuposa munthu wopeza bwino amene wagula Fairphone. Tikalola kuti chilungamo chikhale katundu woti amene ali ndi ndalama azigula, osauka azioneka ngati ndi amene sasamala, ndiye kuti talakwitsa kwambiri, chifukwa wokumba mwala uja ndi wogula foni yotchipa uja ali mbali imodzi, onse akufinyidwa ndi anthu omwewo. Ndaonapo anthu ena pa intaneti akunyoza anzawo pa nkhani ya foni yomwe akugwiritsa ntchito, chonde tisamatero.

Nde phindu lenileni la foni imeneyi ine ndimaliona kwina, pa malamulo. Makampani akamauza aphungu kuti foni ya masiku ano siyingakhale ndi batire lochotseka, pali chinthu choti munthu n'kuika pa tebulo n'kutsegula ndi chikhadabo pamaso pawo. France inayamba mu 2021 kukakamiza kuti zipangizo zina, mafoni ali momwemo, zizikhala ndi malikisi osonyeza ngati zimakonzeka mosavuta. European Union inalamula kuti kuyambira kumapeto kwa Disembala 2024 mafoni onse atsopano azichajidwa ndi USB-C, n'chifukwa chake iPhone nayo inasintha. Kuyambira pa 20 Juni 2025 mafoni atsopano ogulitsidwa kumeneko ayenera kukhala ndi zigawo zosinthira kwa zaka 7 komanso ma apudeti kwa zaka zosachepera 5 akasiya kugulitsidwa, ndipo lamulo la mabatire lomwe lidzayambe mu 2027 likufuna kuti mabatire a zipangizo zambiri azisinthika ndi mwini wake, ngakhale kuti lili ndi mipata yomwe makampani a mafoni angadutsiremo. Ku America, boma la Oregon linaletsa mchitidwe uja wokana zigawo zosalembetsedwa. Google pa Pixel 8 ndi Samsung pa Galaxy S24 analonjeza ma apudeti a zaka 7, zomwe zaka zochepa zapitazo ankati sizingatheke. Sikuti zonsezi zachitika chifukwa cha Fairphone yokha, anthu omenyera ufulu wokonza zinthu, amisiri ndi mabungwe a ogula akhala akukankha kwa zaka, koma lamulo limodzi ngati limeneli limafika pa foni ya aliyense, ya wolemera ndi ya wosauka yemwe, chifukwa kampani sipanga foni ina ya ku Europe ina ya kwina pa chilichonse.

Pa nkhani yoti mugule kapena ayi, ngati foni yomwe muli nayo ikugwira ntchito musaitaye chifukwa cha zomwe ndalemba apa, kaisinthitseni batire kwa mmisiri, ikani kava ndi galasi loteteza, muitenge zaka zina ziwiri, zimenezo zimathandiza kuposa kugula Fairphone yatsopano, ndipo foni yogwiritsidwapo kale ntchito yomwe ikadalandira ma apudeti ndi njira inanso yabwino kwa amene ndalama ndi yochepa. Ngati foni yafa zenizeni, ndalama muli nayo, ndipo kamera ya usiku si nkhani yaikulu kwa inu, gulani, simudandaula, koma muyambe mwafufuza ngati zigawo zake zimatumizidwa komwe mukukhala, chifukwa kampaniyi msika wake waukulu ndi ku Europe ndipo foni yotheka kukonza yomwe zigawo zake sungazipeze ikhala ngati ina iliyonse. Muonenso Fairphone 6 yomwe inatuluka mu Juni 2025 pa 599 euro, yomwe ma apudeti ake analonjeza mpaka 2033, ndi yopepukirapo ndipo ili ndi kabatani m'mbali kochepetsera ma apu pa sikilini, kungoti batire lake limafuna sikuludiraiva, silichokanso ndi chala ngati la Fairphone 5.